Mpendero wa Diresi Lomaliza

A Telala anasokera anthu zovala zaka makumi anayi, koma chionetsero cha mafashoni anali asanachionepo mpaka sabata imene mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime, anawapatsa khadi lolowera. Mzime anali mmodzi mwa osoka atsopano amene anapatsidwa mpata woonetsa zovala zawo, ndipo tsiku lake linali Lachisanu.

Kuyambira Lolemba mkuluyu ankafika msanga, atavala suti yodzisokera okha. Holo inali yaitali, mipando uku ndi uku, pakati pali nsanja yoyera yoyendapo oonetsa zovala. Nyimbo inkagunda mpaka m'chifuwa. Anthu ankakweza mafoni kujambula, koma a Telala maso awo anali pamisoko. Jekete likadutsa ankayang'ana paphewa, siketi ikadutsa ankayang'ana kumpendero.

Kutsogolo kwawo kunkakhala mayi wina wa nyuzipepala, kabuku kali pabondo. Tsiku lililonse ankasankha osoka atatu amene zovala zawo zamugwira mtima, ndipo eni masitolo akuluakulu ankathamangira kwa atatuwo. Mzime anali atawauza bambo ake kuti, "Mayi uja akandilemba, ndadutsa. Akapanda kutero, ndibwerera kukasoka mayunifolomu."

Lachitatu mayiyo anacheuka.

"Inu bambo simuomba m'manja. Palibe chakusangalatsani?"

"Chilipo, mayi. Jekete labuluu lija. Kolala yake yagona ngati inabadwira pomwepo. Zinazi n'zokongola, koma kuchapa kawiri basi zasanduka zokolopera."

Mayiyo anaseka chamumtima n'kulemba. "Ndiye muzikhala kumbuyo kwangaku, muzindichepetsera ntchito."

M'mawa mwake jekete lija linali m'nyuzipepala, ndipo a Telala anayenda tsiku lonse khosi lili njo.

Lachisanu m'mawa analowa kuchipinda chovalira kukamuona mwana wawo. Munali fungo la nsalu yongosita kumene, magalasi ataliatali, atsikana akupakidwa zodzola. Mzime ankathamanga uku ndi uku, mapini ali pakamwa.

"Bambo, khalani apa. Musakhudze kanthu."

"Ine kukhudza? Anakuphunzitsa kugwira singano ndani?"

Koma Mzime anali ataitanidwa kale kunsanja kukayeserera mayendedwe. Zovala zake zinali m'matumba, kupatula diresi limodzi lotuwa ngati phulusa, lolembedwa kuti lomaliza. A Telala analiyandikira. Mapewa anali bwino, zipi yobisika bwino. Koma kumunsi kunali kosapinda. Ulusi unali lendelende, wautali ngati dzanja, kuzungulira diresi lonse.

Mtima unawapweteka. Anaganiza kuti nthawi yamuthera mwanayo, ndipo wachita manyazi kupempha thandizo. M'thumba la jekete lawo simunkasowa singano, ulusi ndi kasizasi. Anadula ulusi wolendewera uja, n'kupinda nsalu kawiri, n'kuyamba kusoka pamanja msoko wosaoneka kunja, umene makasitomala awo ankauyamikira. Palibe anawalabadira. Atamaliza anaika diresilo m'thumba lake n'kukakhala pampando wawo, osauza munthu.

Masana magetsi anachepetsedwa, dzina la Mzime linatchulidwa. Mtsikana woyamba anatuluka. Kumunsi kwa siketi yake kunali timaulusi tatifupi, tosapinda. A Telala anagwira pakamwa, poganiza kuti iyi inawaphonya. Wachiwiri anatuluka, ulusi uli m'manja mwa bulauzi. Wachitatu chimodzimodzi. Apa mkuluyu anawerama n'kuyang'anitsitsa. Ulusiwo unali wofanana kutalika, ndipo pamwamba pake panadutsa kamsoko kowongoka koletsa nsalu kuyoyoka. Imeneyo sinali ntchito yosamaliza. Munthu anakhalira pansi n'kuichita dala.

Chovala chilichonse chinkabwera ndi ulusi wautali kuposa chinzake. Oyenda akatembenuka, ulusiwo unkawatsatira pambuyo ngati utsi. M'holo anthu anali zii, mafoni okha ali m'mwamba. Mayi wa nyuzipepala ankalemba mofulumira, kenaka anacheuka n'kunong'ona, "Mukuona? Zikunka zimasuka. Lomalizalo ndiye tione."

A Telala anakumbukira mpendero uja. Anafuna kudzuka, koma ngakhale akanathamanga, ulusi wodula subwerera.

Nyimbo inapitirira nsanja ili yopanda munthu, nthawi yotalikirapo kuposa poyamba. Kenaka diresi lotuwa linatuluka. Mpendero wake unali wowongoka, waudongo, wopanda chilema. Anthu anaomba m'manja mwaulemu chabe. Mayi uja anatseka cholembera.

"Wachita mantha pamapeto," anatero. "Zachisoni. Ndinali nditamulemba kale."

A Telala anayang'ana manja awo. Akanatha kukhala chete, mayiyo n'kumawaonabe ngati katswiri wa maso akuthwa.

"Mayi, mantha si ake. Mwanayo ndi wanga. Mpendero uja ndasoka ndine m'mawa uno, iye osadziwa. Ndimayesa ndikumuthandiza."

Mayiyo anavula magalasi n'kuyang'ana mkuluyo nthawi yaitali.

"Ine ndimalemba zimene ndaona, bambo, osati zimene ndamva. Za lero zapita." Anaika kabuku m'chikwama. "Mawa masana eni masitolo adzaona zovala zonse pafupi. Ine ndimadutsako. Sindikulonjeza kanthu."

Kuchipinda chovalira anthu anali akulongedza. Mzime anakhala pabokosi pakona, diresi lili pamiyendo. Sanali kulira. Sanadzutse mutu.

"Ndinadziwa nditangolitulutsa m'thumba," anatero. "Palibenso wina amasoka chonchi."

"Bwanji sunamasule, mwana wanga?"

"Panatsala mphindi ziwiri. Komanso munadula, bambo. Ulusi uja ndinausolola umodziumodzi masiku anayi."

"Ndimayesa nthawi yakuthera."

"Mukanandifunsa."

"Ndikanakufunsa."

Kenaka a Telala anamuuza zimene mayi uja ananena. Mzime anatambasula diresi n'kuyeza ndi zala kuchokera kumpendero kukwera m'mwamba.

"Lifupika. Ndipo mwina sabwera n'komwe."

"Mwina."

"Munthu mmodzi sangamalize pofika mawa masana," anatero Mzime.

A Telala anavula jekete n'kulikoleka pahang'ala. Anakoka bokosi lina, n'kukhala moyang'anana ndi mwana wawo. Anatenga kasizasi n'kuyamba kumasula msoko wawo, mosamala kuti asaboole nsalu. Unali wolimba, moti unawavuta eni ake omwe. Utatha, anawongola nsaluyo pabondo n'kuima, chifukwa kuchokera apa sankadziwa chochita.

"Ndiye amasolola bwanji? Ndionetse."

Mzime anawayang'ana kwa nthawi yoyamba. Anatenga phini n'kuwapatsa, n'kugwira dzanja lawo kulilondolera m'mphepete mwa nsalu.

"Mutole umodzi wokha, wopingasawu. Musakoke mwamphamvu, uduka. Ayi, bambo, mwatola maulusi awiri. Yambaninso."