Apongozi Atseka Njira ku Gofu

Ba Petros anali ataweramira mpira, koma ndodo sinkatsika. Anaigwedeza, anapondaponda kapinga, kenaka anaweramuka n'kuyang'ana kumwamba. Benedict, amene anayamba kuwanyamulira chikwama cha ndodo za gofu pamene iye ndi mkuluyo anali akadali ndi tsitsi lakuda, anacheuka. Kumbuyo kunaima gulu la osewera, kumbuyo kwa ilo kunali lina, ndi linanso mpaka ku mitengo ya bulugamu.

"Menyani chabe, bwana," anatero Benedict. "Mpira siuluma."

"Iwe, gofu si minibasi ya ku Kanyama. Pano sitilimbilana makasitomala."

Kale Ba Petros anali mkulu pa kampani ya boma. Kampaniyo itagulitsidwa, nyumba ya kumayadi inapita, galimoto inapita, ndipo anasamukira ku Mtendere, kufupi ndi kwa Benedict. Anzawo amene ankadya nawo anaiwala njira ya kwawo, monga achitira anthu mphika ukazizira. Kenaka mwendo wakumanzere unayamba kukoka. Chimene chinawatsalira ndi ndodo zakale ndi Loweruka m'mawa, tsiku limene ankavala nsapato zoyera n'kukhala munthu pakati pa anthu.

Ngosa, woyang'anira masewera pabwalopo, wa mtundu wochita chimbuya, kunyozana mwanthabwala, ndi anthu akum'mawa ngati Benedict, anafika pa njinga n'kukokera Benedict pambali.

"Imwe bakum'mawa, mbeba zamene mumadya ni zija zogona? Onani mzele uyo!"

"Iwe wodya anyani, lumpha m'mitengo ukabauze kuti bapite."

Ngosa anaseka, koma kuseka kunatha msanga. "Mbuya, nikuuze zoona. Ba komiti banena kuti ba mudala bakachedwetsanso bantu lelo, Loweruka baiwale. Bazisewela pakati pa sabata, masana, beka."

Benedict ankadziwa kuti munthu ngati Ba Petros sangayende yekha padzuwa kuthamangitsa kampira, popanda womupatsa moni. Adzangopachika chikwama kuseri kwa chitseko n'kukhala pakhonde kudikira imfa.

Chomudabwitsa chinali chakuti mwambo wa gofu ndi wosavuta: ochedwa amakodola a m'mbuyo kuti adutse. Iye anali atakodola kale ndi dzanja, n'kukodolanso ndi chipewa, koma anthu aja sanasunthe. Anatula chikwama n'kupita komweko atakwiya. Ankawadziwa mamembala atsopanowa, anthu olemera dzulodzuloli ndi mabelo a salaula, zovala za kaunjika, oyenda ndi mafoni aakulu ngati njerwa. Anali wotsimikiza kuti aima dala kuti mkuluyo achotsedwe.

Atafika anapeza atatu akung'ung'udza. Wachinayi anali atabisala kumbuyo kwawo, chipewa chili m'manja. Anali Moven, mwamuna wa Tiwo, mwana wotsiriza wa Ba Petros.

"Takukodolani kudala. Pitani!"

"Ba Benedict, ningapite bwanji?" anatero Moven chapansipansi. "Nimenye mpira pamwamba pa mutu wa bapongozi? Niyende patsogolo pao, nibaonetse msana? Bamai banga ku Chadiza bakamva bazanikana."

"Tamuuza kuti iyi ni gofu, si chinkhoswe," anadandaula mnzake wina wamimba. "Manje tili pa mpikisano, sitingamusiye. Ine nauma miyendo."

Benedict anamuyang'ana Moven kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zatsopano, kufunafuna pamene pabisala chinyengo. Sanapapeze. Mnyamata wamkulu, mwini maminibasi, anali kutuluka thukuta ngati wabwera kudzafunsira mbeta.

"Mvela, mwana wanga. Ulemu wako uyu ni wamene uzabapitikitsa bapongozi bako pano. Ba komiti bafuna kubachotsa pa Loweruka."

Nkhope ya Moven inagwa. Anapotokola chipewa chija. "Nanga nichite bwanji? Kapena ngati sibaniona..."

"Ukaona chipewa changa m'mwamba, menya uthamange."

Pobwerera anamva kuti thwa! Ba Petros anali atamenya tsopano, ndipo mpira unauluka mowongoka bwino n'kutera pakati penipeni pa kapinga. Sanamenyepo chotere chaka chonsecho. Benedict analoza kwina.

"Wapita kumanzele, bwana. Kuseli kwa chulu."

"Kumanzele? Ine naona ngati..."

"Dzuwa lakunamizani."

Anatsogola msangamsanga, ndipo podutsa pa mpirawo anagwetsa thaulo n'kutola zonse ziwiri. Chiyambire ntchitoyi anali asanagwirepo mpira wa munthu uli m'masewera. Anatengera mkuluyo kuseri kwa chulu chachikulu chomera mtengo pamwamba, anakweza chipewa, n'kuyamba kukwapula udzu ndi ndodo ngati akufunafuna.

Ba Petros anakhala pa muzu n'kuwongola mwendo wodwalawo.

"Leka kuvutitsa njoka. Mpira uli m'thumba mwako."

Benedict anaima.

"Kuba sudziwa, ndiye chifukwa chake ukali wosauka. Uja ni mwamuna wa Tiwo, si mwamene? Namuona kuchokela pa dzenje loyamba."

"Nanga ngati munamuona, munali kuchedwela chani?"

"Iwe Benedict, unakula chabe mutu? Munthu angaphonye mpira pamaso pa mkamwini? Nikati nimenye, nimvela maso yake pamsana. Nikaganiza kuti azaona mwendo uyu ukugwedela, akauze Tiwo kuti batate bako basila. Manja yanali kukana."

Benedict anakhala pansi nayenso. Bwalo lonse linaima m'mawa wonse chifukwa cha anthu awiri ochitirana manyazi, ndipo a komiti ndi maphunziro awo ankati vuto ndi mwendo.

Kuseri kwa chulu kunamveka kumenya, kenaka mapazi a anthu ofulumira. Ba Petros anakwawa pang'ono n'kusuzumira pakati pa udzu ngati mwana woba mango. Anaona Moven akumenya kachiwiri. Dothi linauluka kutali kuposa mpira.

"Mayo ine!" ananong'ona mkuluyo, mapewa akugwedezeka ndi phwete. "Mwana wanga anakwatiwa na munthu wogwila ndodo monga khasu. Ine kuopa uyu?"

"Koma chipewa anavula, bwana."

"Naona," anatero Ba Petros, ndipo kuseka kunasanduka kachifuwa. "Analeledwa."

Anakhala pomwepo mpaka magulu onse anadutsa. Ngosa anabwera pa njinga, anaona njira yayera, ndipo anafunsa ngati bakum'mawa apeza mbewa m'chulumo.

"Bwela kuno, iwe wa anyani," anatero Ba Petros. "Kuyambila Loweruka likubwela, uja Moven uzimuika patsogolo, ayambe ise tikalibe kufika. Ine siniziba kanthu, naye saziba kanthu. Wamvela?"

"Namvela, ba mudala. Ba komiti nizabauza kuti vinthu vayenda bwino."

Ngosa atapita, mkuluyo anagwira phewa la Benedict n'kudzuka movutikira.

"Manje ukabwezele mpira wanga pamene unautola. Pakati penipeni. Usaniyese wopusa, unali wabwino uja."