Makabuleta Awiri a Galimoto ya Bambo

"Zimitsa! Zimitsa msanga, iwe!"

Ndevu anakuwa ali pakhomo la galaja, koma galimoto inazima yokha. Inatsokomola, kenako zii, utsi wakuda uli tolo m'galaja monse. Kafupi, mng'ono wake, anatuluka pachiwongolero akupukuta m'maso. Chibwerere injini yatsopano, amenewa anali mawu oyamba amene mkulu wake anamuyankhula.

Galimotoyo inali ya malemu bambo awo. Injini yakale itagogoda, Ndevu ankafuna kuiphwasula n'kuikonza. Kafupi anangoigulitsa kwa ogula zitsulo osafunsa munthu, n'kubweretsa ina ya makabuleta awiri, zipangizo zosakaniza petulo ndi mpweya. Udani unayambira pamenepo. Anagawana ntchito ngati ana ogawana nzimbe: kabuleta yakutsogolo ya Ndevu, m'mawa, yakumbuyo ya Kafupi, masana. Akakumana pakhomo ankangopatukana, moni osapatsana. Amuna akuluakulu, amakaniko onse awiri!

Achemwali awo analowa ali wefuwefu, chikwama cha kuntchito chili kukhwapa.

"Ndiye mwati bwanji? Mawa m'mamawa amayi ayenera kunyamuka. Dokotala wa maso uja sadikira munthu, akachoka ndi mpaka chaka chamawa. Basi sangakwere ndi chiuno chija. Galimoto yatheka?"

"Afunseni eni injini," anatero Ndevu.

"Afunseni amene amaithira petulo ngati akuthirira dimba," Kafupi anayankha akuyang'ana kukhoma.

"Ndikufunsa nonse! Wina ndevu mpaka pachifuwa, wina ana ali kusekondale, koma nzeru kuchepa ngati za nkhuku. Tsegulani ndione."

Ndevu anatsegula boneti mwaukali. Anamasula mapulagi onse anayi n'kuwandandalika pabenchi monga momwe anawachotsera. Awiri oyamba anali bii, mwaye okhaokha, onyowa, akununkha petulo. Yachitatu inali mbuu ngati phulusa. Atanyamula yachinayi anayamba waitembenuzatembenuza pa kuwala. Nsonga yake inali itasungunuka, ndipo m'mbali munamatirira timadontho tonyezimira.

"Musangoyang'ana, ndiuzeni," anatero achemwali. "Ine za zitsulo sindidziwa."

"Kabuleta iliyonse imadyetsa masilinda awiri," Ndevu anayankha, mano ali gwa. "Akudawa akhuta petulo mpaka kutsamwa. Oyerawa akufa ndi njala, ndipo silinda ikamanidwa petulo imatentha ngati ng'anjo. Onani zimene wachita mwana wanuyu!"

"Mwana ndani?" Kafupi anaponya sipanala pansi. "Masana aliwonse ndimaipeza ikufuka ngati uvuni wa njerwa. Ndikanatani? Munatumiza uthenga woti ndikakhudza yanuyo mundithyola zala. Ndimachepetsa petulo ku yanga."

"Ine m'mawa ndimaipeza ikunjenjemera, kungoti ndichotse phazi yazima. Ndimawonjezera ku yanga!"

"Ndiye inu kutsegula, uyu kutseka, tsiku ndi tsiku?" Achemwali anawomba m'manja, koma sikunali kuseka. "Kalanga ine! Osafunsana?"

Chowawa n'chakuti onse awiri ankadziwa kachitidwe kake, bambo awo anawaphunzitsira pa benchi yomweyo. Makabuleta awiri sachunidwa payekhapayekha. Umamasula kachitsulo kowalumikiza, wina n'kuika paipi kukhutu kumvera mpweya wa iyi ndi wa iyo, mnzake akupotoza sikuluu pang'onopang'ono mpaka makabuleta onse apume mofanana. Si ntchito yotenga tsiku lonse. Imangofuna anthu awiri oyankhulana.

"Chabwino, zachitika," anatero Kafupi, mawu atatsika. "Tiike mapulagi atsopano, tichune limodzi. Ikhala bwino."

"Dzulo unapita nayo kuti?" Ndevu anafunsa, pulagi yachinayi ija idakali m'manja.

"Kukaiyesa pamtunda paja."

"Unaiponda?"

"Nanga galimoto amaiyesa bwanji?"

"Inkalira ngati muli timiyala?"

Kafupi anatola sipanala ija. "Pang'ono."

"Pang'ono! Wosamva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Lowa, upukuse injini."

Ndevu anatseka bowo la pulagi yoyamba ndi chala chachikulu. Injini itazungulira, mpweya unakankha chalacho, fuu! Bowo lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu mofooka. Pa lachinayi chala chinangokhala phee. Anatenga tochi n'kusuzumira m'bowomo kwa nthawi yaitali. Atadzuka nkhope inali itagwa.

"Pisitoni yabowoka. Timadontho tija ndi chitsulo chake."

"Ndiye mukonze usiku uno," anatero achemwali.

"Mpaka titsegule injini yonse. Ndipo pisitoni ya mtundu umenewu kuno kulibe, n'kuitanitsa."

Kafupi anakhala pansi pa tayala lakutha, manja kumutu. "Mukanangondiuza kuti mukuwonjezera petulo, achimwene."

"Ukanangondifunsa usanagulitse injini ya bambo!"

"Khalani chete nonse!" Achemwali anakuwa, misozi ili lengelenge, koma inali misozi ya ukali. "Mayi wakuberekani akupapasa makoma m'nyumba mwake, akuthira mchere m'tiyi, inu muli pano kulimbirana masikuluu. Mwandinyansa. Ndithu mwandinyansa, ndipo ndikuchita manyazi kuti tinayamwa bere limodzi."

Anatenga loko pa msomali n'kuloza kunja. Anatuluka onse awiri mitu ili pansi, ndipo achemwali anakhoma galajayo, kiyi n'kuponya m'chikwama.

"Ine ndikupita kukagogoda m'makomo mwa anthu, kukapempha galimoto ngati wamasiye, abale anga ali ndi galaja. Kaya ndiipeza, kaya sindiipeza. Koma amayi sindikawauza ine. Mupite nokha, nonse awiri, mukawauze ndi pakamwa panu."

Ndevu ndi Kafupi anapita wapansi, wina patsogolo wina pambuyo. Anapeza amayi atakhala pakhonde, chikwama cha ulendo atalongedza kale chili pambali pawo, dzanja lili pamwamba pake. Atamva geti likutseguka anatembenuzira khutu kumsewu n'kumwetulira, kudikira kulira kwa injini. Kenako kumwetulirako kunazilala.

"Ana anga," anafunsa, "bwanji ndikungomva mapazi?"