Zikhomo Ziwiri Paphiri la Sasare

Jonas atamwalira, sipanathe ndi sabata yomwe, mkulu wake Wilbroad anali atalowa kale m'nyumba ya malata ya mng'ono wakeyo pamodzi ndi mkazi wake Yvonne ndi khanda lawo. Filomena, mkazi wa malemuyo, anamuponyera panja mphasa ndi mapoto awiri, n'kumuuza kuti wothawa nkhondo alibe malo kuno. Chonsecho mayiyu anabadwira ku Ukwimi, kumalo a othawa nkhondo a m'dera lomwelo, Mozambique ankangoimva pakamwa pa makolo ake. Koma munthu akafuna nyumba yako sasowa chonena. Filomena anatenga mwana wake Faith, wa zaka zisanu ndi zinayi, n'kukakhala m'chisakasa cha kudimba, kutsidya kwa kamtsinje.

Nyumbayo inali m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi Sasare. Phirilo anthu analizunza mokwana. Ofuna golide analikumba maenje n'kuwasiya kukamwa yasa, otentha makala analimeta mitengo. Jonas nayenso anakumbako zaka zambiri, ndiye ankalidziwa m'mimba mwake. Ankati dothi lonselo langogona pamwamba pa thanthwe, ndipo mvula ikalowa m'maenjemo dothi limamwa mpaka kulemera, pansi pake n'kuyamba kuterera. Ataona mng'alu pamwamba pa nyumba, anakhoma zikhomo ziwiri, china kumtunda kwa mng'aluwo, china kumunsi, n'kudula ndodo yokwana ndendende pakati pake. Anauza mkazi wake kuti tsiku limene ndodoyo idzaperewere, adzadziwe kuti phiri layamba kuyenda.

Mwezi wa Febuluwale mvula inagwa masiku asanu osapuma. Nyumba sinalinso yake, koma Filomena ankakwerabe m'mawa uliwonse ndi ndodo ya mwamuna wake. Lachiwiri inaperewera chala chimodzi. Lachitatu zala zitatu. Lachinayi analowetsapo chikhatho chonse, mpata n'kutsala. Potsika anaona nthochi za kuseri kwa nyumba zitapendekera kumunsi, ndipo pafupi ndi khitchini, pamalo pomwe sipanatulukepo madzi chiyambire, panali kasupe wa madzi ofiira. Wilbroad ankadana naye, sitingabise, koma khanda lija silinamulakwire.

Filomena anakagwada pakhonde la Wilbroad Lachisanu m'mawa, Faith ali pambali pake.

"Alamu, phili iyenda. Chokani m'nyumba muno mpaka mvula ikasile."

Wilbroad analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zikhomo ziwiri zija, matope akadali kunsonga. Anali atatsata mapazi a Filomena dzulo lake n'kuzizula. Anaitana oyandikana nawo, ndipo anthu, omwe mvula inawatsekera m'nyumba sabata yonse, anabwera mothamanga ngati kukugawidwa feteleza.

"Onani zamene anikhomela mlamu wanga," anatero Wilbroad, akuzikweza m'mwamba. "M'mawa uliwonse akwela kukakamba nazo. Manje abwela kuniuza tsiku yamene nizafa."

Pamudzipo panalibe wosadziwa kuti zikhomo zokhomedwa mobisa pafupi ndi nyumba ya munthu ndi zamankhwala. Filomena anafotokoza za mng'alu, za ndodo, za thanthwe. Anawapempha kuti akwere akaone okha. Palibe anakwera. Kukwera phiri pamvula n'kovuta, kutukwana mkazi wamasiye n'kosavuta, ndipo anthu anasankha chosavutacho. Mayi wina amene Filomena anamuthandiza kupalira chaka chatha ndiye anayamba kulavula malovu.

Apo Wilbroad anagwira Faith pamkono.

"Uyu ni magazi ya mng'ono wanga. Azagona muno. Ngati nyumba izagwa, igwele wako."

Anamukokera m'kati mwana akulira. Chitseko chinakana kutsekeka, chifukwa felemu inali itapindika kale, ndipo anachita kuchiponda. Filomena anaona zimenezonso, ndipo anadziwa tanthauzo lake.

Tsiku lonselo anayenda khomo ndi khomo. Ena anamutsekera, ena anamuyankha pawindo kuti nkhani ya pabanja salowerera. Anaganiza zopita kuboma ku Petauke, koma msewu unali utaduka pamlatho, ndipo ngakhale njinga yamoto sinkadutsa. Foni yake inali itazima kuyambira Lachitatu, popeza kasola kake kotchajira sikanaone dzuwa.

Loweruka kunacha ndi mvula yoposa masiku onsewo. Anakweranso. Ndodo sinafunikenso, chifukwa mng'alu tsopano ukanameza mwendo wa munthu mpaka m'ntchafu, ndipo madzi ankathiramo osatulukira kwina. Ataima chete anamva pansi pa mapazi ake mizu ikuduka, umodziumodzi. Anatsika akugwa, akudzuka.

Anapeza Faith kuseri kwa nyumba, kumbali yoyang'ana phiri, akutsuka matewera a khanda pamvula. Wilbroad anali pakhonde akusenda mzimbe. Filomena anagwadanso m'matope. Anapempha m'dzina la Mulungu, anapempha m'dzina la Jonas. Anati nyumba atenge, dimba atenge, iye achoka pamudzipo lero lomwe osadzabweranso, koma amupatse mwana. Anatembenukira kwa Yvonne, amene anaima pakhomo ndi khanda kumsana.

"Amake mwana, inu ndimwe mai. Yang'anani chabe nthochi zija."

Yvonne anayang'ana mwamuna wake, osati nthochi.

"Ulila chani?" anafunsa Wilbroad, akulavula zitsotso za mzimbe. "Zikhomo ninachosa. Ngati kuli vina vamene unabisa, kavichose. Mwana sachoka."

Anthu anali atasonkhananso, ena atafunda matumba a feteleza. Filomena anawayang'ana nkhope imodziimodzi, ndipo anaona kuti choonadi chake palibe akuchifuna. Anthuwa ankakhulupirira chinthu chimodzi chokha, ndipo iye analibe china chowagwirira. Anaimirira, n'kudzipukuta kumaso.

"Chabwino. Ni zoona, nine mfiti."

Phokoso linatha, kunangotsala mvula pamalata.

"Zikhomo zija zinali zokunamizani chabe. Mankhwala yeniyeni ninamudyesa uyu." Analoza mwana wake. "Pamene agona uyu, ndiye pamene imfa ingenela. Mwamungenesa mweka m'nyumba, na manja yanu. Mwanithandiza, alamu."

Faith anagwetsa thewera m'matope. "Amama, ni boza."

"Khala zii. Uziwa zamene unadya."

Mawu amenewo anamuwawa powatulutsa kuposa tsiku lomwe anaika Jonas m'manda. Koma anagwira ntchito. Yvonne anakuwa kuti mwanayo wagona pafupi ndi khanda lake usiku wonse. Wilbroad, mwamuna wolimba mtima uja, sanafune ndi kumukhudza komwe. Anamukankha ndi mzimbe, kenako anamukwapula nawo kumsana mpaka kumutulutsa pabwalo. Anthu anapatuka kumupatsa njira, amayi akubisa ana awo kumbuyo.

Filomena anagwira mwana wake dzanja. Ali pampata wa mpanda anatembenuka komaliza.

"Chokani m'nyumba. Napapata, nikupemphani, chokani manje."

Ndani akanamvera mfiti yodziulula yokha? Wilbroad analowetsa mkazi wake m'nyumba, n'kupondanso chitseko, anthu n'kubalalika.

Filomena anawoloka kamtsinje madzi akufika m'chiuno, Faith ali paphewa. Anali atangokwera kutsidyako pamene phiri linalira ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Nthochi zinayamba kutsika zili chiimire. Kenako dothi lonse lofiira linabwera, ndi miyala, ndi zitsa za mitengo. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumaliza Atate Wathu. Pomwe panali nyumba ya Jonas panatsala lata limodzi litatulukira m'matope.

Anthu anathamangira makasu. Anakumba pang'ono, koma matope ankabwerera pomwe achotsapo, ndipo pansipo sipankamveka mawu aliwonse. Mmodzi anaweramuka n'kuyang'ana kutsidya. Wina anatsatira. Posakhalitsa amuna asanu ndi mmodzi anali akuwoloka kamtsinje, makasu ali m'manja. Filomena anadziwa kuti sakubwera kudzakumba.

Atafika pamtunda anachepetsa liwiro. Anaima chapatali, akukankhana kuti atsogole ndani. Maso awo sanali pa Filomena. Anali pa mwanayo, ndipo munali mantha okhaokha. Mantha amenewo ndiwo okha ankawaletsa kuyandikira.

Faith anasolola dzanja lake m'dzanja la amayi ake. Mizere ya mzimbe inkaoneka padilesi lake lonyowa.

"Amama," anafunsa motsitsa, "nine nawapha?"

Filomena ankafuna kumukumbatira, kumuuza za thanthwe ndi madzi, kumuuza kuti palibe chomwe anadya koma chikondi cha amayi ake. Koma amuna aja anali atamva funsolo, ndipo ankadikira yankho. Mmodzi anali ataponda kale phazi kutsogolo.

Anayang'ana mwana wake m'maso, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Inde. Ndiwe."