Unyolo Wautali pa Lunzu

1.
Mzere. Petulo wafika m'mawa ndipo akuti atha kusanade. Ife tili kumchira kwenikweni, pa Lunzu, chonsecho bambo ayenera kukafika ku Ntcheu lero.

2.
Munkandiuza ndili mwana, inu bambo, mukabwera kutchuthi kuchokera ku Durban komwe munkayenga mafuta.

Nangozo mwanawe, mafuta akamachoka pansi amakhala chiphala chakuda, cholemera, tizigawo take titagwirana ngati unyolo wautaliutali. Sangayendetse galimoto. Ife timawatenthetsa koopsa, n'kuthiramo ufa wathu wina, unyolo uja n'kudukaduka. Tizidutswato ndiye petulo wanuyu.

Chachitali sichiyenda mpaka chiduke, munkatero.

3.
Kutsogolo kwathu:
maminibasi,
akabaza ndi njinga zawo zouma,
zigubu zobisa m'matumba,
abwana a tayi akukukuta chimanga chootcha,
wina wagoneratu pachiwongolero, kukamwa yasa.

4.
A Kandulu, dalaivala wa pikapu yomwe tabwereka, akugogoda chiwongolero ndi zala.

Mayi, tapitani mukawauze kutsogoloko.
Ayi.
Ndiye ndithyole masamba ndimange pagalimoto, anthu adzionere okha.
Ndati ayi, a Kandulu.
Dzuwa ili, mayi. Kumbuyoku sikudikira.

5.
Nangozo sanauzebe munthu aliyense, amene anaimba foni kumudzi ndi achimwene ake, amene anatsogola kukakonza zonse ndi achimwene ake, iye anangokwera kutsogolo n'kufumbata chikwama, ndipo mumtima akudzinamiza kuti akapanda kuwatchula mawuwo ndi pakamwa pake ndiye kuti akungowaperekeza bambo ake kumudzi monga kale, bambo ake okonda kugona paulendo, bambo amene anathera unyamata wonse akupangira dziko la eni petulo koma iwo osagulako ngakhale njinga yamoto, lero taonani akudikira dontho ngati wina aliyense, ndipo zikumupsetsa mtima, zikumupsetsa mtima zedi

6.
Kutentha.

Ntchentche yatera pa lona lakumbuyo. Ina. Inanso.

Ndikuopa, bambo. Chachitali sichiyenda.

7.
Ndatsika. Ndawadutsa onsewo mpaka papampu.

Amayi, mzere uli uko, akutero wothira mafuta osandiyang'ana n'komwe.
Achimwene, tanyamula maliro. Bambo anga ali m'bokosi, kumbuyo kwa pikapu yoyera iyo.

Ndanena. China chake chaduka m'chifuwamu ndipo misozi yomwe imakana kuyambira dzulo yangoti chubwi.

Wothira mafuta wavula chipewa. Maliro! Apatseni njira!

Minibasi yabwerera chafutambuyo. Akabaza akukankhira njinga m'mbali. Wogona uja amudzutsa. Abwana a tayi atsika, akulozera a Kandulu podutsa, chitsononkho chikadali m'manja. Mzere wonse uja wadukaduka, tizidutswa tokhatokha.

Munkanena zoona. Tiyeni, bambo, tikakuikeni.