Msoti wa M'dengu

Boyd anagwa pansanja mapira atayamba kucha, akupirikitsa njovu m'munda wake ku Lupande. Chiswe chinali chitadya mzati umodzi, ndipo fupa la m'munsi mwa bondo analimva yekha likuthyoka ngati nkhuni youma. Kuchipatala anamuika chikhakha, n'kumuuza kuti akadzachichotsa ayambe kuponda pang'onopang'ono.

Koma kumudzi nakonso kuli madokotala ake. Amalume ake, a Steward, anabwera ndi msoti wa nkhuku, n'kuuthyola mwendo wakumanzere, mbali yomweyo imene Boyd anavulala. Anaumanga ndi timitengo ndi mankhwala.

"Mphwanga, mwendo wako uli apa," anatero. "Tsiku limene nkhukuyi idzaponda pansi, nawenso udzaponda. Ukaitsogolera, fupa lidzathyokanso pomwepo."

Esnati, mkazi wa Boyd, anamva mawuwo n'kuyang'ana kumwamba. Akabawi anali kuzungulira. Mwendo wa mwamuna wake uziyenda pabwalo, pali agalu ndi akabawi? Anaukulunga msotiwo m'nsanza, n'kuugoneka m'kadengu, n'kupachika kudenga. Ankaudyetsa madeya m'manja, madzi pakachitsekero ka botolo. Ndikuuzeni, ngakhale mwana wachisamba sasamalidwa chotero.

Chikhakha anakachichotsa kuchipatala. Mwendo unatuluka woonda, wotuwa, khungu likusupuka, ndipo Boyd atauona anachita mantha kwambiri. Anabwerera pamphasa osaugunditsa pansi. Mwezi wathunthu unatha akukwawa ndi matako. Dengu likagwedezeka kudengako, Boyd ankadzidzimuka. Likakhala chete, ankaopa kwambiri kuposa pamenepo.

Tsiku lina masana panaima njinga yamoto pabwalo. Anatsikapo Monde, wa mafizo, amene ntchito yake ndi kuphunzitsanso ziwalo zovulala kugwira ntchito. Kwawo kunali ku Mongu, ndipo anali atatopa kudikira Boyd kuchipatala.

"Mwaswera bwanji, ba Boyd? Ndinati mubwere pakapita thuu wiki. Mwendo uli bwanji?"

"Ulipo, asisita."

Monde anagwada n'kugwira phazilo. Analikankhira m'mwamba, koma linakana. Anayesanso, Boyd n'kuluma mlomo. Nkhope ya Monde inasintha, ndipo Boyd anaona kusinthako.

"Fupa linagwirana kale. Koma kakolo aka kayamba kuuma. Mukakhalanso mwezi wina chonchi, phazi ili lidzakhala lolozera pansi mpaka kalekale. Nanga simuponda chifukwa chiyani?"

Boyd anayang'ana kudenga. Esnati ndiye anafotokoza zonse, mwamanyazi, akuyembekezera kusekedwa. Monde sanaseke.

"Itsitseni tiione."

Boyd anafuna kukana, koma Esnati anatsitsa dengu, anamasula nsanza ndi timitengo, n'kuika msotiwo pansi mosamala.

Unagwera chammbali. Unapalasa ndi phiko, n'kuzungulira pafumbi, koma osaimirira. Zala za mwendo wakumanzere zinali zitapindikira m'kati, zitafumbata.

"Mayo ine!" Esnati anagwira kumutu.

Boyd anauyang'anitsitsa msotiwo. Apo panali mwendo wake, pafumbi, akuuona ndi maso. Anaona nsanja imene sadzakweranso, njovu zikudya mapira ake iye ali pakhonde, ana akumunyamula kupita naye kuchimbudzi.

"Ndatha ine," ananong'ona.

Monde ananyamula nkhukuyo n'kupapasa mwendo wake ndi chala chachikulu, monga anachitira ndi wa Boyd.

"Ba Esnati, gwirani apa. Mwamva kachotupa kolimbako? Fupa linapola bwinobwino. Amalume anu anamanga bwino. Chapha mwendowu ndi dengu." Anatembenukira kwa Boyd. "Inunso dengu lanu ndi mphasa iyi."

"Koma amalume anati iyambe ndiyo."

"Ndiye mudikire nkhuku imene siyingaimirire? Ine za amalume sindizidziwa. Za kakolo ndizidziwa."

Apa Boyd anali pakati pa mantha awiri, ndipo onse anali ndi mano. Akaponda, fupa lithyoka. Akapanda kuponda, chimene chimudikira chinali kuphupha pafumbi patsogolo pake. Anayang'ananso zala zofumbata zija, n'kutambasulira mkazi wake dzanja.

Anamudzutsa, Esnati mbali iyi, Monde mbali inayo. Nyumba inazungulira. Anaima ndi mwendo wabwino, winawo uli lende, ukunjenjemera.

"Chala chachikulu choyamba," anatero Monde. "Tsopano phazi. Musaike thupi lonse, theka chabe. Kupweteka kudzapweteka, musadabwe."

Kunapwetekadi. Ululu unachokera kuchidendene n'kukafika m'chiuno, ndipo Boyd, bambo wa ana anayi, wopirikitsa njovu, anakuwa mpaka mbuzi zinathawa pakhonde. Anatseka maso, akumvetsera kulira kwa nkhuni youma kuja.

Anamva kupuma kwa Esnati basi.

"Wanu," anawerenga Monde. "Tiyeni, thuu."

Anaponda katatu, n'kukhala pampando ali wefuwefu. Monde anaonetsa Esnati katambasulidwe ka phazi: kugwira chidendene, kukankha pang'onopang'ono, kuwerenga mpaka teni, m'mawa, masana ndi madzulo. Analonjeza kubweranso Lachisanu.

Njinga itapita, Boyd sanasangalale. Anali ataitsogolera nkhuku, ndipo ankangosisita msongolo, kufufuza ngati fupa likadali limodzi. Msoti unali pomwe Monde anausiya, diso lake likuphethira.

Esnati anautola n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a mwamuna wake. Anauika pamiyendo, anagwira kachidendene kake, n'kuyamba kuwongola zala zija chimodzichimodzi, misozi ikugwera pa nthenga.

"Wanu," anawerenga. "Thuu."