Mawu a Namzeze

"Bweza maiki, Tiza."

"Sinibweza."

"Iwe, malaiti yayenda pa fotini. Manje ni satini. Leta maiki nisilize nchito."

"Nchito iti? Yoononga vinthu va bene?"

Tiza anali chiimire pakhomo la kantemba, maiki ili m'manja, waya wake ataukulunga padzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Cephas anali pampando wake kutsogolo kwa kompyuta, mahedifoni ali m'khosi, akumuyang'ana ngati munthu woona galu wake atasanduka fisi.

Kantembako kanali m'mbali mwa msewu wafumbi ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, pakati pa shopu yometa ndi mbaula ya Ba Philomena ogulitsa vitumbuwa. M'kati, makoma onse anamatidwa mathireyi a mazira kuti phokoso la mabasi lisalowe. Mmenemo ndimo Cephas ankamasulira mafilimu. Ankatsitsa mawu a Chizungu n'kuikapo ake m'Chinyanja cha m'tauni, ndipo anthu ankabwera ndi mafulashi awo kudzakopera. Mawu onse ankalankhula yekha, monga amachitira omasulira onse. Akafika pa nkhalamba ankanjenjemeretsa kukhosi, akafika pa mkazi ankatsina mphuno.

Chimalizireni giredi thwelofu, Tiza ankabwera m'mawa uliwonse. Zotsatira za mayeso zinkachedwa, kunyumba kunali mbale ndi mitsuko ya madzi basi, ndiye ankakhala pakabenchi pambali pa Cephas n'kumamuuza zimene makatuni akunena, pakuti Chizungu chothamanga chinkamusiya mnyamatayo panjira. Tiza amanong'ona tanthauzo, Cephas n'kulisandutsa nthabwala. Miyezi isanu zinayenda choncho, ndipo Tiza ankakonda kuyang'ana khosi la Cephas likamagwedera polankhula, ngakhale zimenezo sakanauza munthu.

Cephas ankafera makatuni a mbuzi zisanu zoyendetsa njinga zamoto, zongowombana ndi kugwera m'migolo. Anamasulira magawo ake onse, ana a ku Chawama mpaka ku komboni ya George ankawaloweza. Tiza ankaseka nawo, koma mtima wake unali pa filimu ina, imene anaipeza kwa mnzake wa ku Kalingalinga n'kuionera kasanu ndi kanayi pafoni yong'aluka galasi. Inali ya kaiti yofiira imene inakodwa pawaya wa magetsi pamwamba pa tauni, ndi namzeze wamkazi amene ankatera pomwepo tsiku lililonse. Kumapeto kwake, kwa mphindi zinayi, panalibe wolankhula. Namzeze ankajompha ulusi pang'onopang'ono mpaka unaduka, mphepo inanyamula kaiti, iye n'kutsala yekha pawaya.

Tiza ndiye anaibweretsa filimuyo, ndiye anachonderera milungu iwiri kuti Cephas aimasulire. Lero anachedwa pampopi, ndipo pofika anapeza Cephas atatsina mphuno pamphindi zinayi zija, akuyeserera asanajambule komaliza. Atamva zimene namzeze wake akunena, anazula maiki.

"Tiza, mvela," Cephas anatero, akuyesa kufatsa. "Banthu bakamva zii, baganiza sipika yafa. Babweza fulashi, ati Cephas watipatsa yowonongeka. Ine nine niziba Chawama."

"Nanga ine nikhala ku mwezi?"

"Ukhala mu mabuku. Filimu yako iyi ni ya kulila. Kaiti siseka, mbalame siseka, kulibe olo umozi wamene agwa. Mbuzi zanga zigwa kasanu mu mineti imozi."

"Mbuzi zako zilibe mutu."

"Zilibe mutu koma zili na banthu."

Chitseko chinakankhidwa kumbuyo kwa Tiza. Ba Philomena analowetsa mutu, manja ali mbuu ndi ufa.

"Imwe bana, makasitoma banga baleka kudya, bamvela imwe. Mwakwatilana liti kuti muyambane so?"

"Ba Philomena, mwabwela bwino," Cephas anadumpha. "Nkhalani apa. Muweluze ndimwe."

"Mafuta yali pamoto, iwe."

"Mamineti yanayi chabe."

Mayiyo anapukuta manja pachitenje nakhala pakabenchi ka Tiza. Anati iwo pa makatuni onse amakonda aja a nkhuku za kwaya, chifukwa nkhuku yonenepa yoimba besi imafanana ndi mlamu wawo. Za mbuzi zimawapweteka mutu. Za kaiti sanazionepo.

Cephas anayatsa zimene anayeserera zija. Pagalasi panaoneka thambo lamadzulo lofiirira, waya, kaiti yong'ambika, ndi namzeze akujompha ulusi. Kenaka m'sipika munatuluka mawu a mphuno yotsinidwa.

"Choka apa, iwe chipepa! Waya uyu niyanikapo vovala!"

Ulusi unaduka. Kaiti inakwera, ndipo mawu aakulu anaiyankhira: "Nayenda, mayo! Nayenda ku Chilenje kuli bakazi ba ulemu!"

Ba Philomena anaseka mpaka kumenya ntchafu, ufa kuchita fumbi. Anaseka mpaka kutsokomola. Tiza anaona namzeze wake atatsala yekha pawaya, mapiko atagwa, pamene mawu a Cephas ankamutukwanitsa mphepo. Analumbira mumtima kuti sagwetsa msozi pamaso pa awiriwa.

"Manje ikani yeniyeni," anatero. "Yopanda mau yake."

Cephas anakweza mapewa n'kubwezera kumbuyo. Thambo lomwe lija, waya womwe uja. Kamphepo kokha kankamveka, ndi kulira kwa ulusi ukamajomphedwa. Tiza anagwira mpweya monga ankachitira nthawi zonse. Inatha mphindi imodzi. Ba Philomena anayang'ana sipika, nayang'ana Cephas.

"Yafa?"

Cephas anawomba m'manja kamodzi n'kutembenukira kwa Tiza, mano onse panja.

"Siinafe, Ba Philomena," Tiza anatero. "Yanganani chabe. Mbalame ija imukonda. Imumasula chifukwa imukonda."

"Aa! Kansi ni chikondi?" Mayiyo anasendera pafupi ndi galasi, natsinzina diso limodzi. "Nanga bwanji siikamba? Ine nizaziba bwanji vili mumtima mwa mbalame? Mwana wanga, ine niona filimu uku nikazinga. Ngati kulibe wokamba, ine napitwa." Ananunkhiza m'mwamba n'kudzambatuka. "Mayo, vitumbuwa vanga!"

Anatuluka chothamanga, chitseko n'kutsala chikugwedera.

"Wamvela?" Cephas anatambasula dzanja. "Jaji wakamba. Leta."

Tiza sanasunthe. Anadziwa kuti malaiti akangotsala pang'ono kupita, Cephas adzakopera filimuyo pamafulashi asanu ndi awiri amene anali m'kabotolo pathebulo, ndipo pofika Loweruka ana onse a m'komboni adzakhala akukuwa za chipepa ndi vovala. Namzeze adzakhala mayi wolongolola mpaka kalekale. Palibe adzadziwe kuti anali wina.

Koma mawu a Ba Philomena anamukhala pakhosi ngati fupa la kapenta. Mayi uja sananame. Iwo ankaonera filimu ndi makutu, maso ali pamafuta. Amayi ake a Tiza nawonso ankaonera akusita, azakhali ake akuluka tsitsi la kasitoma. Zii amene iye ankamumenyera nkhondo anali wa munthu wokhala ndi foni yake ndi nthawi yake.

"Nipatse, nizachepesako," Cephas anatero. "Nizachosa va Chilenje."

"Awe."

"Nizachosa na vovala. Nizaika vina va ulemu."

"Na mphuno yotsina?"

"Nanga mkazi akamba bwanji?"

"Umvela ine nikamba na mphuno?"

 Cephas anayang'ana nthawi pakona ya kompyuta, napukuta thukuta ndi kolala ya malaya.

"Oke. Wawina. Nizasiya zii, mamineti yako yonse yanayi. Bakabweza mafulashi, uzabayankha ndiwe."

Dzulo lomweli Tiza akanavina atamva zimenezo. Tsopano anangomva mkwiyo ukukwera, wina watsopano, woposa woyamba uja. Miyezi isanu pakabenchi. Mawu onse abwino amene Chawama inkaseka ndi kubwereza anayamba kudutsa m'kamwa mwake monong'ona, n'kukatulukira pakhosi la wina.

"Sinifuna zii," anatero.

"Haa! Iwe mkazi!" Cephas anaponya mahedifoni pathebulo. "Nthabwala, awe. Va ulemu, awe. Zii, awe. Twatsala na mamineti twente. Ufuna chani kansi?"

Panja basi inaliza hutala, kondakitala akuitanira anthu a ku tauni. Tiza anamasula waya padzanja pake, mzere umodzi umodzi, zala zikuyamba kumva magazi. Anadutsa pafupi ndi Cephas, anawerama kuseri kwa kompyuta, nalumikiza maiki pamalo pake. Cephas anapumira m'mwamba n'kutambasula dzanja kuti ailandire. Tiza sanaipereke.

"Kulibe mkazi amene amasulila filimu mu Lusaka yonse," Cephas anatero mwapansipansi, atazindikira. "Bazaseka."

"Baseke."

"Sunakambepo pa maiki. Uzanjenjema."

"Nizanjenjema, uzajambula futi."

Mawu oyamba a namzeze anali kale pamilomo ya Tiza, ofunda, okonzeka. Anatola mahedifoni pathebulo nawavala, kenaka anagogoda mpando wa Cephas ndi bondo.

"Kaiti ukambe ndiwe, na mbuzi zako zonse usunge. Koma namzeze ni wanga. Nifuna Chawama imvele mau yanga, Cephas. Nyamuka, nikhale."