Mabuku a Senga

Ailsa Renwick anaphunzitsa mabuku kusekondale ku Dundee kwa zaka makumi atatu, ndipo nthawi yonseyo ankanyoza zimene mng'ono wake Senga ankawerenga. Senga ankaphikira ana pasukulu ina ya pulaimale. M'chikwama mwake simunkasowa kabuku kachikondi ka nthawi yamakedzana, pachikuto pali mwamuna wa pachifuwa pamtunda atakwera hatchi.

Khirisimasi ina, alendo ali patebulo, Ailsa anasolola buku m'chikwamamo n'kuyamba kuliwerenga mokweza ndi mawu achibwana. Anthu anaseka mpaka kutsamwa vinyo.

"Ndikuuziretu mathero ake?" anatero. "Mtsikana wosauka, bwana wamwano, adana mpaka pakati pa buku, kenako ukwati. Mutu wakowo suchita dzimbiri, iwe?"

"Kukoma kwake n'komweko, akulu," Senga anayankha uku akuchotsa mbale. "Ndimadziwiratu kuti palibe amene asiyidwe."

Mwamuna wa Senga anali atamuthawa chaka chomwecho. Ailsa anakumbukira zimenezi ali kale m'basi, ndipo sanapepese.

Patatha zaka zinayi Senga anamwalira ndi khansa. Pokalongedza katundu m'nyumba ya malemuyo, Ailsa sanapeze buku ndi limodzi lomwe pashelefu. Onse anali m'katoni kunsi kwa bedi, makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, a banja limodzi la mabwana a ku Glenmorrow, atasanjidwa motsatana.

Anawatenga kuti akawapereke kwa ogulitsa zakale, koma katoni inangokhala pakhonde. Masana ena mvula ikuwaza anatsegula loyamba, pensulo ili m'manja, kuti azidula mizere pa zolakwika. Pofika tsamba la makumi anayi pensulo inali itagwera pansi. Mathero anawadziwa kale, koma pamene bwana wamwanoyo anagwada m'matope kupempha mtsikana uja, Ailsa analira mpaka kukwiya nazo. Chilimwe chisanathe anali atamaliza onse. M'basi ankawakutira nyuzipepala.

Atamva kuti kwatuluka lina, anapita kulaibulale. Pakauntala anapeza Kirsteen Baxter, amene Ailsa anamuphunzitsa kalekale.

"Aphunzitsi, inuyo buku ili?" Kirsteen anaseka. "Paja munkatiuza kuti amenewa ndi maswiti owoletsa mano."

"Si langa ayi," anatero Ailsa. "Ndikutengera mng'ono wanga. Ndi amene amakonda zopusazi."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndi kaseko kake komwe.

"Ali ndi mwayi, anthu akulimbirana limeneli," Kirsteen anatero akumupatsa bukulo. "Ine ndinawerenga onse, musandikalipire. Mukawauze abwere Lachinayi, timakumana kagulu kathu, timamwa tiyi n'kumakangana za mabwanawa. Mukawapatse moni."

"Ndikawapatsa."

Anakakhala pamalo odikirira basi, buku lili m'kati mwa jasi. Mabasi awiri anadutsa iye osakwera. Akanatha kubwerera, n'kunena kuti Senga ali kumanda ku Balgay ndipo wowerengayo ndi iye mwini. Laibulale inali kutsidya kwa msewu chabe. Basi yachitatu itafika anakwera.

Bukulo analimaliza masiku awiri, ndipo linamukomera ngati enawo. Pobweza analiponya pakabowo kobwezera mabuku ka pakhoma Lamlungu, laibulale itatsekedwa. Kuyambira pamenepo akafuna mabuku otere amakwera sitima mpaka ku Arbroath, kumene sanaphunzitseko aliyense.